Mmene mungatsutsire maganizo amene akukusowetsani tulo

Anthu awiri akhoza kukanidwa ntchito pamalo amodzi tsiku limodzi. Wina amadandaula madzulo amenewo, m'mawa mwake n'kuyamba kulemba kalata ina. Mnzakeyo amadzitsekera m'nyumba mwezi wathunthu, foni atathimitsa, nsima osaifuna. Chawagwera n'chimodzi, koma zimene aliyense akudziuza chamumtima n'zosiyana.

Pa mfundo imeneyi ndi pamene katswiri wa zamaganizo wa ku America, Albert Ellis, anamangapo njira yake yothandizira anthu mu 1955 mumzinda wa New York. Lero njirayi imadziwika kuti Rational Emotive Behavior Therapy, mwachidule REBT. Ellis anayamba ntchito yake potsatira njira ya Sigmund Freud yofukula za ubwana wa munthu, koma anaona kuti odwala ake ambiri ankafika pomvetsa kumene mavuto awo anachokera, mavutowo osachoka. Anabwerera ku zolemba za anthu anzeru akale, makamaka Epictetus, amene anali kapolo ku Rome asanakhale mphunzitsi. Iyeyu ankaphunzitsa kuti chimene chimasautsa anthu si zochitikazo pazokha, koma mmene anthuwo akuzionera. M'zaka za m'ma 1960, Aaron Beck wa ku University of Pennsylvania anatulukira njira ina yofanana nayo pothandiza odwala matenda a kukhumudwa, ndipo njira ziwirizi ndizo mizu ya chithandizo cha Cognitive Behavioural Therapy (CBT), chothandiza munthu kusintha maganizo ndi zochita zake, chimene chikuperekedwa m'zipatala zambiri padziko lapansi.

Ndinene msanga, chifukwa mfundoyi ena amaipotoza. Sikuti umphawi uli m'mutu. Sikuti mayi amene akumenyedwa ndi mwamuna wake angosintha maganizo n'kukhala phee. Njala ndi njala, nkhanza ndi nkhanza, ndipo zofunika kuthawa muzithawa, zofunika kukanena kupolisi kapena kwa ankhoswe muzikanena. Chimene njirayi ikunena n'chakuti pamwamba pa ululu weniweni timaonjezerapo wina wodzipangira, ndipo woonjezerawu ndi umene umatifoola mpaka kulephera kulimbana ndi vuto lenilenilo. Umenewo ndiye tingauchotse. Mufunika kope, cholembera ndi mphindi 15 zokha.

Choyamba: tchulani chimene mukumva ndi chimene mukuchita

Ellis anagawa nkhani iliyonse m'zilembo zitatu. A ndi chimene chachitika, B ndi chimene mukukhulupirira pa chochitikacho, C ndi zotsatira zake mumtima, m'thupi ndi m'zochita zanu. Ambirife timaganiza kuti A ndiye amabala C: "Wandikwiyitsa," "zandidwalitsa." B sitimuona n'komwe.

Yambirani pa C popeza ndi amene akumveka kwambiri. Lembani mawu amodzi kapena awiri: mantha, ukali, manyazi, nsanje, kutaya mtima. Onjezani za m'thupi, monga mtima kuthamanga, mutu kuwawa, m'mimba kutentha, tulo kusowa. Kenako zochita: mwasiya kupita kutchalitchi kapena kumzikiti, mukuzemba anthu a banki m'khonde, mwayamba kumwa masana, mukutsegula foni ya mkazi wanu iye akasamba.

Apa pali kusiyanitsa kofunika kwambiri. Cholinga si kusamva kanthu. Munthu amene bambo ake amwalira ayenera kumva chisoni, ndipo amene mayeso ayandikira ayenera kudera nkhawa. Ellis ankati pali kumva kuwawa kothandiza ndi kosathandiza. Chisoni chimakulolani kulira, kukhala ndi abale pasiwa, n'kubwerera pang'onopang'ono ku ntchito, pamene kutaya mtima kumakuuzani kuti moyo watha. Kudera nkhawa kumakutsegulitsani buku, mantha oopsa amakutsekerani mutu moti mukuwerenga koma palibe chikulowa. Kuipidwa ndi zimene wina wachita kumakupatsani mphamvu yomudzudzula bwinobwino, ukali umakunyamulitsani chikwanje. Dzifunseni kuti: zimene ndikumvazi zikundithandiza kuchitapo kanthu, kapena zikundimanga manja? Ngati zikukumangani, pitirizani.

Chachiwiri: lembani chimene chachitika, osathira ndiwo

Lembani zokhazo zimene munthu wina amene analipo angavomereze. "Ndinatumiza uthenga pa WhatsApp 9 koloko m'mawa, wauwerenga, mpaka madzulo sanayankhe." Mawu oti "wandinyoza" si A ayi, ndi tanthauzo lanu kale. Sankhani nkhani imodzi, ya tsiku limodzi. "Moyo wanga wonse" simungauike pa pepala limodzi.

Chachitatu: sakani lamulo limene labisala

Apa ndiye pali ntchito, ndipo musafulumire.

Aliyense ali ndi zofuna. Timafuna kukhoza mayeso, kukondedwa, kulemekezedwa ndi apongozi, kuti malipiro afike kumapeto kwa mwezi. Zofuna si vuto. Ellis anaona kuti matenda amayamba pamene chofuna chasanduka lamulo, pamene "ndikanakonda" wasanduka "zikuyenera kutero basi, zivute zitani." Anati malamulo amenewa ali m'magulu atatu. Loyamba ndi la kwa iwe mwini: ndikuyenera kuchita bwino nthawi zonse ndipo anthu akuyenera kundiyamikira, apo ayi ndine wachabechabe. Limeneli limabala mantha, manyazi ndi kutaya mtima. Lachiwiri ndi la kwa anthu ena: akuyenera kundichitira chilungamo, akapanda kutero ndi anthu oipa ofunika kukhaulitsidwa. Limeneli limabala ukali ndi chidani. Lachitatu ndi la kwa moyo: zinthu zikuyenera kuyenda mosavuta ndiponso msanga, apo ayi sindingapirire. Limeneli limabala kudzimvera chisoni, kuzengereza ndi kuthawira ku mowa kapena kubetcha.

Lamulo silibwera litavala chikwangwani. Mumaligwira ndi funso limodzi lobwerezabwereza: "Tinene kuti n'zoona, ndiye chavuta n'chiyani?" Taonani mmene zimayendera ndi uthenga wosayankhidwa uja.

Sanayankhe. Ndiye chavuta n'chiyani? Ndiye kuti watopa nane. Tinene kuti watopadi, chavuta n'chiyani? Andisiya. Akakusiya? Anthu onse adziwa, anzanga andiseka. Akaseka? Ndiye kuti ndine mkazi wosasungika, palibe angandifune, ndatha ine.

Mwafika. Pansi pa nkhani ya timizere tiwiri tabuluu pali lamulo lakuti "sakuyenera kundisiya, ndipo anthu sakuyenera kundiseka," ndi chigamulo chakuti "akatero ndine wachabe." Onani kuti sitinayambe ndi kudzitonthoza kuti mwina bandulo yamuthera kapena ali pamsonkhano. Zikhoza kukhala zoona, koma chitonthozo chotere chimatha mawa akapandanso kuyankha. Ellis ankakonda kupita pa choipitsitsa chimene munthu akuopa n'kulimbana nacho chimenecho.

Lamulo limayenda ndi ana ake atatu, ndipo mukawamva m'kamwa mwanu dziwani kuti lili pafupi. Woyamba ndi kukulitsa: "zoopsa, kulibenso choipa choposa ichi." Wachiwiri ndi "sindingathe kupirira." Wachitatu ndi kuweruza munthu yense chifukwa cha chinthu chimodzi: ndalephera MSCE ndiye ndine mbuli, wandinamiza ndiye ndi satana, dziko lino ndi lotembereredwa. Kwathu kuno lamulo lofala kwambiri limavala funso lakuti "anthu aziti chiyani?" Funso limeneli latengetsa anthu katapila kuti ukwati ukhale wa mahema oyera, lasungitsa anthu m'mabanja a nkhanza, ndipo laletsa abambo ambiri kunena kuti bizinesi yagwa mpaka ngongole itafika m'khosi.

Chachinayi: phunzirani kugwira malamulowa m'nyimbo, m'mafilimu ndi pa foni

Kugwira lamulo m'mutu mwako n'kovuta poyamba chifukwa limamveka ngati choonadi. M'kamwa mwa wina limaoneka msanga. N'chifukwa chake ndimalimbikitsa kuyeserera pa zinthu zimene timamva ndi kuonera tsiku lililonse.

Mukakwera minibasi mawa, tcherani khutu ku nyimbo zachikondi zimene dalaivala waika, kaya ndi zakwathu, za ku Nigeria, za ku South Africa kapena za ku America. Werengani kuti ndi zingati zikunena kuti popanda iwe ndifa, ndiwe mpweya wanga, ukandisiya moyo ulibe tanthauzo. Nyimbozi n'zokoma, ndipo palibe akuti musiye kuvina. Woimba amakokomeza chifukwa ndiyo ntchito yake. Nyimbo yoti "ukandisiya ndidzadandaula miyezi ingapo kenako ndidzazolowera" palibe angaiike paukwati. Vuto limabwera pamene mnyamata wa zaka 19 wamva uthenga umenewu kambirimbiri chiyambire ali mwana, chibwenzi n'kutha, iye n'kukhulupirira kuti wathadi. Ndiye mukamva mzere wotere, umasulireni chamumtima m'mawu oona: amamukonda kwambiri, akachoka zidzamuwawa zedi, koma kupuma adzapumabe. Ellis mwiniwake ankaidziwa mphamvu ya nyimbo, moti ankapeka mawu oseketsa pa maimbidwe odziwika kale n'kumaimba ndi odwala ake kuti aone kupusa kwa malamulo awo.

Mafilimu ndi masewero a pa TV amene timaonera madzulo amayenda ndi lamulo lachiwiri lija, la kwa anthu ena. Wina walakwiridwa, ndiye akulumbira kuti sadzapuma mpaka atabwezera, ndipo magawo onse otsatira ndi a kubwezerako. Sankhani munthu mmodzi m'seweromo, mumulembere A, B ndi C. Chamuchitikira n'chiyani? Akudziuza chiyani? Zamufikitsa pati? Mukhoza kuchita zimenezi ndi ana anu achinyamata, ndipo mudzadabwa mmene amagwirira msanga. Mwana amene sangakuuzeni za mumtima mwake amamasuka kukamba za mumtima mwa munthu wa pa TV.

Mpira nawo ndi sukulu yabwino. Bullets ndi Wanderers zikakumana, kapena Arsenal ndi Manchester United zikasewera, oonera onse aona chigoli chimodzimodzi. Wina timu yake ikagonja amagwira kumutu, n'kuseka ndi omunyoza, n'kupita kwawo. Wina amafika kunyumba n'kukana chakudya, kukalipira ana, mwinanso kumenya mkazi. Wachiwiriyu ali ndi lamulo: timu yanga sikuyenera kugonja, anthu sakuyenera kundigemula, sindingapirire. Akakhala kuti anabetcha ndalama ya lendi, pamabweranso lina loopsa kwambiri lakuti "ndikuyenera kubweza ndalama yangayi lero lomwe," ndipo limeneli ndi limene limamubwezera kukabetchanso.

Koma pamene malamulo amadyetsedwa kwambiri masiku ano ndi pa Facebook, Instagram, TikTok ndi masitetasi a WhatsApp. Mnzanu wa ku sekondale waika chithunzi ali pabwalo la ndege ku Johannesburg, wina wagula galimoto, wina akumanga ku Area 49, wina ukwati. Inu muli pa mphasa, magetsi azima. Chamumtima mawu ayamba: pa msinkhu uno ndimayenera kukhala nditafika apa, ndatsalira, ndine wolephera. Anthu ambiri amadzitonthoza ndi mwambi uja wakuti chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere: galimotoyo ndi ya ngongole, banjalo amamenyana. Nthawi zina n'zoona, popeza palibe amaika chithunzi cha tsiku limene anagona ndi njala. Koma chitonthozo chimenechi n'chosalimba, ndiponso chimakuphunzitsani kulakalaka kuti anzanu zisawayendere. Nanga mkuyuwo ukakhala kuti ulibe nyerere? Funso lolimba ndi lakuti: tinene kuti mnzangayo zikumuyenderadi ndipo ndi wosangalala, zikutsimikiza bwanji kuti ine ndine wachabe? Ndani analemba kuti pofika zaka 30 munthu aliyense akhale ndi nyumba? Mukayankha limeneli, mukhoza kumulembera mnzanuyo "zabwino zonse" ndi mtima woona, n'kubwerera ku zanu.

Chachisanu: litsutseni lamulolo

Ellis anaonjezera chilembo D, kutanthauza kutsutsa. Tengani chiganizo chimene munachipeza pa sitepe yachitatu, muchifunse mafunso atatu, ndipo mayankho muwalembe. Kuganiza chabe sikukwanira chifukwa maganizo amaterereka.

Funso loyamba: umboni wake uli kuti? "Sindingapirire akandisiya." Zoona? Munapirira maliro a mayi anu, munapirira chaka cha njala, munapirira kuchotsedwa ntchito. Zinawawa, koma muli pano. Chimene mukutanthauza n'chakuti zidzakhala zowawa kwambiri, ndipo zowawa kwambiri ndi zosapiririka si chinthu chimodzi. "Sakuyenera kundichita zimenezi." Likanakhalapo lamulo lachilengedwe loletsa anthu kulakwira anzawo, sakanatha kukulakwirani. Wakulakwirani, ndiye kuti lamulolo kulibe. Chilipo ndi chofuna chanu, chimene n'chomveka ndithu.

Funso lachiwiri: kodi zikugwirizana? "Ndikufuna kwambiri kukhoza, choncho ndikuyenera kukhoza." Kufuna kwanu kukukakamiza bwanji dziko? "Ndalephera mayeso, choncho ndine wolephera." Mayeso ndi chinthu chimodzi mwa zinthu zikwizikwi zimene mwachita ndi zimene mudzachite. Munthu yemweyo amasamala agogo ake, amadziwa kulima, ndi wokhulupirika pa ndalama, ndipo mawa akhoza kulembanso. Pano Ellis anali wouma khosi, ndipo ndikugwirizana naye kotheratu: zochita za munthu mukhoza kuzipatsa malikisi, koma munthuyo ayi. Ankatsutsa ngakhale kudziona wapamwamba chifukwa cha kupambana, poti amene amadziyesa wamtengo wapatali chifukwa wakhoza, tsiku lolephera adzadziyesa zinyalala. Iye ankaphunzitsa kudzilandira popanda kuika malire: ndine munthu, ndimalakwitsa, ndili moyo, basi. Chimodzimodzi ndi ena. Amene wakuberani wachita choipa ndipo aimbidwe mlandu, koma kumusandutsa chilombo m'mutu mwanu kukudwalitsa inu.

Funso lachitatu: kukhulupirira zimenezi kukundifikitsa kuti? Ili ndi losavuta ndipo nthawi zambiri ndilo limagwetsa lamulo. Kukhulupirira kuti anthu sakuyenera kudziwa za ngongole yanu kwakuchititsani kutenga ngongole ina. Kukhulupirira kuti sakuyenera kukusiyani kwakuchititsani kumuimbira kakhumi pa ola, zimene zikumuthamangitsa.

Tsutsani mwamphamvu. Lamulo lakhala m'mutu zaka zambiri ndipo limalankhula mokweza. Simungaligonjetse ndi kunong'ona. Ngati muli panokha, lankhulani mokweza ndithu, kapena dzijambuleni mawu pa foni n'kumvetsera ngati mukudzikhutiritsa.

Chachisanu ndi chimodzi: lembani chikhulupiriro chatsopano

Ichi ndi chilembo E. Chiganizo chatsopano chisakhale chonyengerera. "Zonse zikhala bwino" mtima wanu suvomera chifukwa simukudziwa ngati zidzakhaladi bwino. Chiganizo cholimba chimasunga chofuna chanu n'kuchotsa lamulo. Mwachitsanzo: "Ndikufunitsitsa kuti banjali lipitirire ndipo ndichita mbali yanga, koma palibe chomukakamiza kukhala. Akachoka zidzandipweteka kwambiri, anthu ena adzalankhula, koma ndidzapirira ndipo ndidzakhalabe munthu." Kapena: "Ndikanakonda abwana akanandilankhula mwaulemu. Sanatero, ndipo n'kulakwa. Ndiwauza nthawi yabwino, koma ulemu wanga suli m'kamwa mwawo."

Muyeso wake ndi uwu: mukawerenga chiganizocho, kumva kuwawa kutsike kuchoka pa kutaya mtima kufika pa chisoni, kuchoka pa ukali kufika pa kuipidwa. Mukamva kuti simukusamalanso chilichonse, mwapitirira, mwayamba kudzinamiza.

Pali kachitidwe kena kothandiza kuzika chiganizochi. Tsinzinani, ganizirani choipa chija chikuchitikadi, lolani mantha kapena manyazi abwere, kenako limbikirani kuwasintha akhale kudandaula chabe, chithunzicho osachisintha. Mukatha, dzifunseni kuti munadziuza chiyani kuti zisinthe. Chitani kamodzi patsiku kwa milungu ingapo.

Chachisanu ndi chiwiri: chitani zimene lamulo limakuletsani

Popanda sitepe iyi zonse zija zimathera m'kope. Ellis ankasimba kuti ali ndi zaka 19 anali wamanyazi kwambiri polankhula ndi akazi. Anadzilamula kuti kwa mwezi umodzi azipita kumunda wa maluwa wa ku Bronx, dera la mumzinda wa New York, n'kuyambitsa macheza mwaulemu ndi mkazi aliyense amene wakhala yekha pa benchi. Analankhula ndi okwana 100. Mmodzi yekha ndiye anavomera kudzakumananso, ndipo sanabwere n'komwe. Koma mantha aja anatha, chifukwa anaona ndi maso ake kuti kukanidwa sikupha. Pambuyo pake ankapatsa odwala ake ntchito zolimbana ndi manyazi, monga kutchula mokweza dzina la siteshoni iliyonse m'sitima ya pansi pa nthaka ya ku New York, anthu akuwayang'ana.

Ife sitifunika kutengera zimenezo ndendende; chofunika ndi mfundo yake. Sankhani kanthu kakang'ono, kosavulaza aliyense, kosaphwanya lamulo la dziko, kosakuchotsetsani ntchito, kamene "anthu aziti chiyani" amakuletsani. Funsani funso pamsonkhano ngakhale mawu anjenjemere. Bwezani katundu wowonongeka kusitolo. Pitani kuukwati ndi chitenje chimene anthu anakuonani nacho kale, mukapereke zimene mungathe pa perekaniperekani n'kukhala pansi. Uzani m'bale amene wapempha ndalama kuti mwezi uno mulibe, osapeka bodza. Ngati muli kunja, kaya ku Cape Town kapena ku Leeds, ndipo akumudzi akuganiza kuti ndalama mumangotola, auzeni zoona za lendi ndi maola amene mukugwira. Pitani ku gulu la banki m'khonde mukanene nokha kuti mwalephera kubweza pa nthawi yake ndipo mupemphe ndondomeko. Pochita zimenezi, bwerezani chamumtima chiganizo chanu chatsopano. Mukabwerako lembani: ndimaopa chiyani, chachitika n'chiyani, ndapirira kapena ayi.

Nthawi zina anthu adzasekadi, m'bale uja adzanyanyaladi. Zimenezo sizitanthauza kuti mwalephera. Mumafuna kuphunzira kuti ngakhale aseke, mukhalapobe.

Ena amaona ngati njirayi ndi yodzikonda, yobadwira ku New York kumene munthu amangosamala zake, ndipo siyingagwirizane ndi umunthu wathu. Ellis analidi munthu wa kwawo ndi nthawi yake, wolankhula mosapsatira, ndipo pachiyambi ankatsutsa kwambiri zachipembedzo, ngakhale kuti m'zaka zake zakumapeto anavomereza kuti chikhulupiriro chikhoza kuthandiza munthu. Ine sindiona mkangano. Kufuna kukhala bwino ndi abale, kulemekeza akuluakulu, kuthandiza pamaliro, zonsezi ndi zofuna zabwino ndipo zisungeni. Munthu amene amathandiza abale chifukwa amawakonda amapereka ndi mtima umodzi ndipo amatha kunena pamene wathera. Amene amathandiza chifukwa choopa kutchedwa woipa amapereka akutukwana chamumtima, mpaka tsiku lina amaphulika. Kwa opemphera, kudzilandira ngakhale uli wolakwa ndi kusiyanitsa tchimo ndi wochimwa si nkhani yachilendo.

Chenjerani ndi msampha umodzi umene umagwira anthu akhama. Mukadziwa njirayi, tsiku lina mudzapsabe mtima kapena mudzachita mantha, ndiye mawu adzabwera akuti "pano sindimayeneranso kumva chonchi, ndine wolephera ngakhale pa zimenezi." Limenelo ndi lamulo lomwe lija, langosintha malaya. Abambo ambiri ali nalo kale kuchokera ku mawu oti mwamuna salira: ali ndi chisoni, kenako ali ndi manyazi chifukwa cha chisonicho, ndipo manyaziwo ndi amene amawatseka pakamwa. Zikatero yambani ndi lamulo loti simukuyenera kumva chonchi, mulitsutse, kenako mubwerere ku vuto loyamba.

Mukafuna kuthandiza mnzanu ndi njirayi, yambani ndi kumvetsera. Munthu amene wangoferedwa kapena wangochitiridwa chipongwe safunika mafunso atatu aja tsiku limenelo. Khalani naye, muphikireni, ndipo za kutsutsa maganizo zidzabwera iye akadzayamba kufunsa yekha kuti atani.

Pamene kope silikwanira

Njirayi ndi yothandiza pa nkhawa za tsiku ndi tsiku, koma si mlowam'malo wa chipatala. Ngati kwa milungu iwiri kapena kuposerapo mwakhala wokhumudwa pafupifupi tsiku lonse, zimene munkakonda sizikukusangalatsaninso, tulo ndi chilakolako cha chakudya zasokonekera, ndipo ntchito ikukanika, kaonaneni ndi achipatala. Chimodzimodzi ngati mukumva mawu amene ena sakuwamva, ngati mowa kapena chamba zakulamulirani, kapena ngati ndinu mayi amene mwangobereka kumene ndipo mtima wangoti zii. Maganizo ofuna kudzipha akabwera, musadikire kumaliza masitepe: uzani munthu amene mumamukhulupirira lero lomwe, musakhale nokha, mupempheni achotse pafupi mankhwala a mbewu, zingwe ndi mapiritsi, ndipo akuperekezeni kuchipatala.

Ku Malawi mukhoza kuyambira pachipatala cha boma cha m'boma lanu n'kufunsa namwino kapena dokotala woona za matenda a maganizo. Kulinso Zomba Mental Hospital, ndi St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe. Ku Zambia kuli Chainama Hills ku Lusaka. Ku Zimbabwe, dokotala Dixon Chibanda anayambitsa Friendship Bench, pomwe agogo aakazi ophunzitsidwa amakhala pa benchi panja pa chipatala n'kuthandiza anthu ovutika ndi kuganiza kwambiri kuti asankhe vuto limodzi, aligawe n'kupeza chochita. Kafukufuku amene anasindikizidwa m'magazini ya zachipatala ya JAMA mu 2016 anasonyeza kuti anthu amene anacheza ndi alangizi amenewa anapeza bwino kuposa amene analandira chithandizo cha nthawi zonse, ndipo njirayi yafikanso m'zipatala zina za ku Malawi.

Popita kuchipatala tengani kope lanu lija. Ambiri akafika pamaso pa dokotala amangotchula mutu ndi msana n'kubwerako ndi Panado. Inu nenani zonse: zinayamba liti, mukugona maola angati, mukudya bwanji, mukumwa chiyani, ndi maganizo amene amabwera usiku, ngakhale amene mukuchita nawo manyazi.